Kodi n'koyenera kulipira Ahrefs kuti tiziona malinki olozera ku webusaiti ya lodge yathu?

Mwini lodge wa ku Katoto:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Tili ndi malo ogona alendo kuno ku Katoto mumzinda wa Mzuzu, ndipo ambiri mwa alendo athu ndi odutsa, opita ku Nyika, ku Vwaza kapena kunyanja ku Nkhata Bay. Mnyamata amene anatikonzera webusaiti akufuna kuti tizilipira Ahrefs, kampani ya makina ofufuza malinki pa intaneti, mwezi ndi mwezi kuti tiziona masamba amene aika malinki olozera kwa ife, omwe iye amawatchula kuti ma backlink. Anandionetsa nambala ina yotchedwa Domain Rating, yathu ili pa 9 pamene ya lodge ina yakunyanja ili pa 31, ndipo akuti n'chifukwa chake sitioneka patsamba loyamba la Google. Mtengo umene anandiuza ndi wopitirira madola 100 pamwezi, ndipo nonse mukudziwa mmene madola akuvutira kubanki chitsitsireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023. Kodi ndalama imeneyi ndingaione phindu lake?

Wokonza mawebusaiti wa ku Luwinga:
Bambo, choyamba mudziwe kuti nambala imene mwaonetsedwayo si ya Google. Ahrefs anaipanga okha poyeza malinki amene makina awo apeza, monganso makampani anzawo ali ndi zawo: Moz ali ndi Domain Authority, Semrush ali ndi Authority Score, ndipo Majestic ali ndi Trust Flow. Aliyense amayendera intaneti ndi makina akeake, kotero webusaiti imodzi yomweyo imalandira nambala zinayi zosiyana. Muyeso weniweni wa Google, PageRank, umene oyambitsa Google, Larry Page ndi Sergey Brin, anapanga adakali ku yunivesite ya Stanford, unaleka kuonetsedwa kwa anthu mu 2016. Komanso sikelo ya Domain Rating imalimba pamene mukukwera, moti kuchoka pa 9 kufika pa 20 n'kosavuta poyerekeza ndi kuchoka pa 60 kufika pa 70. Musanatulutse tambala iliyonse, tsegulani Google Search Console, yomwe ndi yaulere, mupite pamene alemba Links. Pamenepo muona masamba amene akulozera kwa inu ndi mawu amene agwiritsa ntchito polozerapo.

Mayi wogulitsa khofi wa ku Chibavi:
Ine ndikuchitira umboni zimene achimwene anenazi, chifukwa ndinapsapo kale. Zaka ziwiri zapitazo munthu wina anandilembera kuti andipezera malinki mazanamazana pamtengo wotsika, ine n'kulipira. Nambala inakweradi, ndinasangalala, koma maoda a khofi sanawonjezeke ngakhale paketi imodzi. Nditatsitsa mndandanda wonse n'kuuika mu Excel ndinapeza kuti pafupifupi malinki onsewo anachokera pa mawebusaiti atatu okha, olembedwa m'zilankhulo zimene sindingaziwerenge, ndipo linki yanga inali pansi penipeni pa tsamba lililonse, yoyandikana ndi zotsatsa juga. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndawerenga chiwerengero cha mawebusaiti osiyanasiyana amene akulozera kwa ine, osati chiwerengero cha malinki. Webusaiti imodzi ikaika linki yanu m'munsi mwa masamba ake onse, makina amawerenga malinki chikwi, chonsecho amene wakuvomerezani ndi munthu mmodzi yekha.

Mwini lodge wa ku Katoto:
Zikomo mayi. Nanga malinki oipawo munawachotsa bwanji? Mnyamata wathu akutinso Ahrefs itithandiza kupeza oipa kuti tiwakane.

Wokonza mawebusaiti wa ku Luwinga:
Njira yokanira malinki, disavow, kutanthauza kuuza Google kuti asawawerengere, Google anaitulutsa mu 2012, chaka chomwe anayambitsa Penguin, njira yolangira mawebusaiti ogula malinki. Koma kuchokera mu 2016 Penguin imangonyalanyaza malinki achabechabe m'malo motsitsa webusaiti yonse, ndipo Google eni ake amanena kuti mawebusaiti ambiri safunikira disavow. Ngati simunagulepo malinki ndipo mu Search Console mulibe uthenga wa chilango, isiyeni.

Woyendetsa alendo wa ku Mchengautuwa:
Ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma ndikuona kuti mukuchepetsa chinthu chimodzi. Search Console imakuonetsani za pakhomo panu pokha, za mnzanu wopikisana naye siikuuzani. Funso la bambowa kwenikweni si lakuti ndani akulozera kwa iwo, koma lakuti ndani akulozera ku lodge yakunyanja ija amene sakulozera kwa iwo, ndipo limeneli amayankha ndi makina olipira. Ine ndinalipirapo mwezi umodzi. Ndinaika mawebusaiti anayi a anzanga a ntchito yomweyi, ndinatsitsa mindandanda yawo, kenako ndinakhala madzulo angapo, magetsi akakhalapo, n'kumatsegula linki iliyonse ndi maso anga. Zambiri zinali zinyalala. Zotsalazo zinali zagolide: makampani oyendetsa alendo a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amene amalemba malo ogona panjira ya kumpoto, apaulendo olemba za ulendo wawo wa ku Livingstonia ndi pa sitima ya Ilala, ndiponso tsamba la msonkhano wina limene linatchula malo ogona a mumzinda muno. Ameneawa ndi anthu oti mukhoza kuwalembera kalata, ena kuwaimbira foni kumene. Pomawerenga muziona ngati linki ili m'kati mwa nkhani yokhudza Malawi, muzionanso ngati ili ndi chizindikiro cha nofollow, chouza Google kuti mwini tsamba sakuivomereza linkiyo, chomwe chinayamba mu 2005, kapena sponsored (linki yolipiridwa) ndi ugc (linki yoikidwa ndi owerenga) zomwe zinawonjezedwa mu 2019, chifukwa malinki otere Google sawapatsa kulemera kofanana ndi enawo. Komabe musawanyoze, pakuti mlendo amene wadina linki yotere n'kudzagona kwa inu amalipira ndalama yomweyo.

Mayi wogulitsa khofi wa ku Chibavi:
Mwezi umodzi ndikuvomera, koma mwezi ndi mwezi ayi. Mawebusaiti aang'ono ngati athuwa amatha miyezi itatu osalandira linki yatsopano, ndiye mukhala mukulipira madola kuti muzingoyang'ana nambala yosasuntha. Makina amenewa anapangidwira makampani osamalira mawebusaiti ambiri nthawi imodzi. Ngati mnyamata wanuyo ali ndi makasitomala khumi, alipire yekha n'kugawa mtengowo kwa onse.

Wokonza mawebusaiti wa ku Luwinga:
Ndiwonjezere kuti Ahrefs ali ndi gawo laulere, Ahrefs Webmaster Tools, limene limaonetsa malinki a webusaiti imene mwatsimikizira kuti ndi yanu. Ndipo kwa munthu amene walemba "lodge in Mzuzu" pafoni, choyamba kuoneka kawirikawiri ndi mapu, kumene Google Business Profile yanu, zithunzi ndi ndemanga za alendo zimagwira ntchito yaikulu.

Mwini lodge wa ku Katoto:
Ndathokoza nonse. Ndangoyesa kulowa mu Search Console ndipo ndapeza kuti inalembetsedwa pa imelo ya mnyamatayo, ine ndilibe chilolezo. Mawa ndimuitanitsa kuti andiikepo monga mwini wake, tione kaye zaulerezo. Achimwene a ku Mchengautuwa, ndikadzalipira mwezi umodziwo ndidzakupemphani kuti tidzakhale limodzi powerenga mndandanda, tiyi ndi zitumbuwa zidzakhala za kwathu.