Wapeza womufunsira, amuuze liti za ma ARV?

Akuluakulu ndi azimayi anzathu a ku Angónia ndi Tsangano, tithandizeni nzeru. M'magulu a GAAC, a anthu omwa ma ARV othandizana kumudzi, omwe anayambira kuno ku Tete mu 2008, anthu mpaka 6 amasinthana kukatenga mankhwala kuchipatala. Ambiri anakhala zaka ali gone m'nyumba, banja linatha, ngakhale kumaliro sankapita. Pano thupi labwerera, akulima mbatata, ena afunsiridwa.

Za mankhwala n'zomveka. Munthu akamamwa mosadumphitsa, pakatha miyezi 6 amayezetsa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi, ndipo kakakhala pansi pa 200 pa mililita imodzi ya magazi sangapatsire mnzake pogonana. Mnzakeyo angathenso kumwa PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilomboka, kapena kugwiritsa ntchito kondomu.

Chovuta ndi nthawi yoululira. Akanena tsiku loyamba, mwamuna amathawa asanamve n'komwe tanthauzo la zotsatirazo, nkhani n'kufika kuchigayo. Akachedwa, amayamba kubisa botolo m'thumba la ufa, mlendoyo akagona pakhomo mankhwala osamwa. Apa mpamene timada nkhawa kwambiri, chifukwa kachilombo kamachulukanso ndipo mankhwala amatha kusiya kugwira ntchito. Mantha a kutsalanso yekha ndi amene amamuchititsa zimenezi, si kusamvera ayi.

Ndiye tifunse: ayambe kumuuza awiriwiri, kapena apite limodzi kukayezetsa kuti namwino afotokoze? Nanga ankhoswe ayenera kudziwa chinkhoswe chisanachitike? Ife tikuona kuti chinsinsi n'cha awiriwo, koma amalume ena amakwiya akadzamva mochedwa. Amene munaperekezapo anthu otere mpaka ukwati, munayamba ndi mawu otani?