Mwana watupa zikope, mkodzo ngati tiyi: ndi likodzo kapena impso?

Wofunsa:
Akuluakulu azachipatala pa gulu lino, ndithandizeni. Kuno ku Mangochi mwana akakodza magazi tonse timathamangira likodzo, poti ana amasamba kunyanja tsiku ndi tsiku. Nanga mwana wa zaka 7 akabwera atatupa zikope, mkodzo wochepa wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, m'miyendo muli zipsera za mphere? Pachipatala chaching'ono chopanda makina oyezera creatinine (chizindikiro cha m'magazi choonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) tisiyanitse bwanji? Komanso zimatheka bwanji kuti chitetezo cha mthupi chiwononge impso za mwiniwake?

Yankho loyamba:
Achimwene, funsani kaye kuti magazi akutuluka nthawi yanji. A likodzo amakhala ofiira, amadontha kumapeto pokodza chifukwa akuchokera m'chikhodzodzo. A impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse ndipo amada. Tengani mkodzo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, mazira a likodzo amachuluka nthawi imeneyo. Koma kupeza mazira sikutseka nkhani: mwana wa ku Makanjira kapena ku Malombe atha kukhala ndi zonse ziwiri. Likodzo la m'chikhodzodzo silitupitsa nkhope ndi kukweza BP m'masiku ochepa chonchi.

Mwanayu akakanda mphere, bakiteriya wa streptococcus amalowa pachilondacho. Thupi limapanga asilikali, iwo amagwirana ndi tizidutswa ta bakiteriya, timagulu timeneti timakakamira m'timasefa ta impso n'kudya C3, puloteni ya m'magazi yothandiza chitetezo cha mthupi. Timasefa timatupa, mchere ndi madzi zimatsalira m'thupi. Mpake matenda a impsowa amachedwa kuoneka: sabata imodzi kapena ziwiri pambuyo pa zilonda zapakhosi, masabata 3 mpaka 6 pambuyo pa zapakhungu. Wasayansi Frank Dixon ndiye anaonetsa pa akalulu kuti timagulu totere timawononga impso, ndipo ntchito yake imatiuza chifukwa chake amoxicillin sachiza impsoyo. Amoxicillin timapereka masiku 10 kuti tiphe bakiteriya wotsala asafalikire kwa ana ena.

Yankho lachiwiri:
Chimene chimapha mwana apa si magazi mumkodzo ayi, ndi madzi ochuluka m'thupi. Yezani BP ndi lamba wa msinkhu wake, amene mulifupi mwake ndi pafupifupi 40 peresenti ya kuzungulira kwa mkono. Lamba wa akulu amaonetsa nambala yotsika, mwana n'kubwezedwa kunyumba BP ili pamwamba. Muyezeni pasikelo m'mawa uliwonse, sikelo yomweyo. Mkodzo usonkhanitsidwe m'botolo lolemba mizere, ukachepera 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, zinthu sizili bwino. Furosemide, mankhwala okodzetsa, yambani ndi 1 mg pa kilogalamu. Mchere uchotsedwe m'ndiwo, ndipo auzeni amayi ake momveka kuti nsomba zouma zothira mchere ndi tizokometsera ta m'mapaketi ndi mchere womwewo. Mkodzo ukachepa, nthochi zidikire kaye chifukwa cha potassium. Dripi musaike mwachizolowezi, madzi amakadzaza m'mapapo. Brufen, diclofenac ndi gentamicin ayi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga prednisolone, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha mthupi? Ena amapereka mwana aliyense wotupa.

Yankho lachiwiri:
Chonde ayi. Prednisolone ndi wa matenda ena a impso otchedwa nephrotic syndrome: puloteni 3+ kapena 4+ pa dipstick (kapepala koyezera mkodzo), thupi lonse lotupa, magazi mumkodzo ochepa kapena palibe, BP nthawi zambiri ili bwino. Kwa mwana wanuyu angokwezera BP.

Yankho lachitatu:
Ndiwonjezere za malungo, achimwene. Nawo amadetsa mkodzo. Uzungulitseni pa centrifuge, makina olekanitsa maselo ndi madzi: pamwamba pakayera, maselo ofiira n'kukhala pansi, ndi magazi enieni, pakakhalabe pofiira, maselo aphulikira m'mitsempha, monga zimachitikira pa malungo. Mwana akakomoka musangoti malungo a m'bongo musanayeze BP. Kukomoka, mutu waukulu, kusaona bwino, kubanika kapena mkodzo kusiyiratu, tumizani tsiku lomwelo kuchipatala cha boma, iwo aone za ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre komwe kuli dialysis, makina osefa magazi impso zikalephera. Ana ambiri amachira, kutupa kumaphwa m'sabata imodzi kapena ziwiri. C3 amabwerera m'malo pa masabata 6 mpaka 8, akakhalabe wotsika ganizirani matenda ena monga lupus, pomwe chitetezo chimaukira thupi la mwiniwake. Dipstick itha kuonetsa timagazi chaka chathunthu. Mazira a likodzo akapezeka perekani praziquantel 40 mg pa kilogalamu, ndipo mankhwala a mphere apakidwe onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, zofunda zichapidwe.