Ndabwerako ku Johannesburg, zikomo pa malangizo aja

Mwezi watha ndinafunsa zoyenera kuvala ku Johannesburg mu Julayi komanso mayendedwe a mumzindamo, poti ife a ku Nchalo tinazolowera kutentha basi. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka inu mayi amene munanenetsa kuti juzi imodzi siikwana.

Ndinamvera. Ndinagula jekete lochindikala pa kaunjika ku Limbe, chipewa chaubweya ndi masokosi. Pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, tinatsika basi m'bandakucha kukadinditsa mapasipoti, zala zinachita kuuma moti cholembera chinkandipulumuka. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, ndiye m'mawa kumazizira koopsa, masana dzuwa n'kumawomba bwinobwino. Muzivala zophatikiza kuti kukafunda muzivulako. Chitenje musachisiye, ndinachifunda m'basi usiku wonse. Vaselini nayenso, chifukwa milomo imang'ambika ndi mphepo youma.

Kumbali ya mayendedwe, sitima ya Gautrain yochokera ku Park Station kupita ku Sandton ndi Pretoria inandithandiza kwambiri, ngakhale ndi yodula. Maminibasi amaimitsidwa ndi zizindikiro za zala: kuloza m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni. Ndinakwera kawiri kokha, achemwali anga ali pambali. Usiku ndinkaitanitsa takisi ya Uber ndili m'nyumba, foni osaitulutsa pamsewu.