Filimu ya ana pa 26 kwa agogo ku Ntcheu

Amalume Lilongwe: Mwaswera bwanji nonse. Za mbuzi tinamaliza dzulo, mpunga ndi mafuta ophikira atenga azakhali anu. Chatsala ndi madzulo a pa 26 Disembala. Chaka chatha ana anangoti zii aliyense ndi foni yake, ena mpaka kulimbirana chaja, agogo anu anadandaula kuti zidzukulu zabwera koma pakhomo pali duu ngati palibe munthu. Nde tinagwirizana kuti chaka chino tibwereke projekita tiwaonetse filimu pamodzi. Tisankhe lero kuti woyika pa flashi ayike nthawi ilipo.

Achimwene Joni: Amalume ine yanga ndili nayo kale, Pixels. Ya 2015, muli Adam Sandler. Nkhani yake ndi yoti mu 1982 a NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, anatumiza kumwambako zinthu zoonetsa moyo wa padziko pano, nde mkatimo munalinso vidiyo ya anyamata akupikisana pa magemu a nthawi imeneyo, zolengedwa za kumaplaneti ena zitaona zinayesa tikuziputa nkhondo basi zinabwera kudzatimenya zitasanduka magemu omwewo, Pac-Man, Donkey Kong, Centipede. Asilikali zawakanika, opulumutsa dziko ndi madala amene ankaswera pa magemu ali ana. Ana aseka, ifenso akuluakulu tikumbuka kale lathu. Zonse pamodzi.

Azakhali Blantyre: Pac-Man nde chani mwanawe?

Achimwene Joni: Kanthu kachikasu kozungulira kaja azakhali, kokhala ngati chikondamoyo chodula mbali imodzi, kamayenda kakudya timadontho mizukwa inayi ikukathamangitsa. Gemu ya ku Japan ya 1980. Mufilimumo kakula ngati nyumba, kakudya magalimoto mumisewu ya New York, anthu athu aja akukathamangitsa ndi timagalimoto ta Mini Cooper tinayi tamitundu ya mizukwa ija. Pamenepo pokha mpokwanira kuti ana akagone akukambirana.

Azakhali Blantyre: Mizukwa pa Khrisimasi? Agogo anu akamva mawu amenewo atithamangitsa tonse

Msuweni Mzuni: Azakhali si mizukwa yoopsa ayi, ndi tizidole chabe tamitundumitundu. Koma achimwene mundikhululukire, Pixels ndinaonera kawiri ndipo ine sindikuivomera. Gawo la Pac-Man lija ndi labwino zoona, ndi pomwe mkulu amene anapanga gemuyo, Toru Iwatani, amapita kukalankhula nako ngati mwana wake kuti kasiye kuononga kenako nkumuluma dzanja. Amene akusewera ngati Iwatani ndi munthu wina, mwiniwake weniweni amangooneka pang'ono koyambirira akukonza makina a magemu. Koma mukachotsa gawo limenelo ndi la Centipede ku London chotsala nchochepa kwambiri. Filimuyi inachokera pa kavidiyo ka 2010 ka munthu wa ku France, Patrick Jean, kosakwana mphindi zitatu, magemu akale akugumula New York basi popanda wolankhula. Kameneko kanali bho chifukwa kamatha usanatope. Awa anatenga ganizo la mphindi zitatu nkulikoka mpaka kupitirira ola ndi theka, mpata wotsalawo anangodzazamo nthabwala za Sandler ndi anzake zomwe amanena mufilimu iliyonse.

Achimwene Joni: Iwe anthu anaonera, inapanga madola opitirira 240 miliyoni. Filimu yoipa ingapange ndalama zimenezo?

Msuweni Mzuni: Inapanga ndithu, anthu analowa chifukwa anaona Pac-Man pa chithunzi. Koma olemba za mafilimu ambiri anaikana, ndipo mpaka lero mukafunsa munthu amene anaonera kuti tandiuze nthabwala imodzi ya mmenemo amangoti Pac-Man anali wamkulu.

Alamu Zomba: Ndilowepo pang'ono monga mayi komanso mphunzitsi. Ndinaonera ndi bambo a kunyumba kuno ana atagona ndipo ndinathokoza kuti anali atagona. Filimuyi ku America anailemba PG-13, kutanthauza kuti ana osakwana zaka 13 makolo asamale. Ife pa 26 tikhala ndi ana oposa khumi ndipo ambiri ndi a ku pulayimale. Muli nthabwala za amuna ndi akazi zoti sungamve uli mphasa imodzi ndi apongozi. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kumapeto, mmodzi wa madala aja amene wakhala akulota mtsikana wa mugemu chiyambire ali mwana amamupeza ngati mphoto yake yopambanira nkhondo, mtsikanayo salankhula ngakhale liwu limodzi, amangopatsidwa ngati chikho cha mpira. Ine atsikana anga awiri ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti sali katundu, nde ndiwakhazike pansi aonere zimenezo agogo awo ali pompo? Ayi alamu, pamenepo ndakana.

Achimwene Joni: Alamu gawo limenelo ndinali nditaiwala, zoona lilimo. Tikhoza kulidumpha

Alamu Zomba: Tikadumpha paliponse poyenera kudumpha titsala ndi mphindi makumi atatu alamu

Asisi Leeds: Ndangotuluka ku shifiti ndapeza mameseji 30 kkkk. Achimwene ine ndikumva chimene mukufuna, mukufuna ana aone zimene zinatisangalatsa ife tili ana, ndipo inenso ndikufuna chomwecho. Koma tadzifunseni, kale limene lili mu Pixels ndi lathu? Lija ndi kale la mwana wa ku America wa 1982 amene ankakwera njinga kupita ku holo yodzaza makina akuluakulu nkumaponyamo makobidi. Ndani mwa ife anaponyapo kobidi mu Centipede kapena Galaga? Ife chathu chinali TV gemu ija amalume anabwera nayo, yamakatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande koma ukayatsa ndi omwewo asanu akungobwerezedwa. Mario, akasinja aja oteteza chiwombankhanga, Contra, ndi mfuti ija yowombera abakha. Ikakana kuyaka timachotsa katiriji nkuuzira mpweya, adaputala ikatentha timaiyika pansi pa simenti kuti izizire, batire ya galimoto ikatha timainyamula awiriawiri kukatchajitsa ku trading centre. Mukukumbuka tsiku lija munafika pa dziko la 8 batire nkuthera pompo munakana nsima? Zimenezo nde zathu. Ndikaonera Pixels ndimakhala ngati ndili pa ukwati wa anthu osawadziwa, nyimbo zikukoma koma sindikudziwa chimene akulirira.

Amalume Lilongwe: Gemu imeneyo ndinagula ndi malipiro anga oyamba. Agogo anu aamuna, mzimu wawo uuse mumtendere, ankati iononga TV koma usiku ana mutagona ankandiitana kuti tiwombere abakha.

Azakhali Blantyre: Eeh achimwene mwandikumbutsa bambo. Ankakwiya ndi galu uja woseka ukaphonya

Achimwene Joni: Galu ameneyotu alimo mu Pixels! Akapambana ku London amapatsidwa galu wa Duck Hunt yemweyo. Mwaona asisi, zathunso zilimo

Asisi Leeds: Alimo inde koma kwa nthawi yaitali bwanji? Amangooneka, iwe nkuloza kuti si galu uja uyu, basi zatha apita pena. Filimu yonse imayenda choncho, kukuonetsa chinthu kuti uchizindikire. Kuzindikira chinthu ndi kuseka nzosiyana achimwene. Nde mwana wa zaka 7 amene galuyo sanamuonepo aloza chani? Kwa iye ndi galu chabe.

Msuweni Mzuni: Asisi mwanena zomwe ndimalephera kufotokoza. Taonani Wreck-It Ralph ya Disney ya 2012. Gemu imene Ralph amakhalamo, Fix-It Felix Jr., anangoipeka a filimuwo, palibe anaisewerapo ali mwana, koma anthu amagwetsa misozi. Chifukwa nkhani yake ndi ya munthu amene kwa zaka 30 ntchito yake ndi kugumula nyumba, mnzake wokonza ndi amene amalandira mendulo, iye madzulo amakagona pa mulu wa njerwa anzake akuchita phwando osamuitana. Aliyense amazimva zimenezo ngakhale sadziwa gemu. Bowser, mdani wa Mario uja, komanso mzukwa wa Pac-Man alimo koma ali ngati mchere, ndiwo zake ndi nkhaniyo. Mu Pixels munthu wamkulu wa nkhani anagonja pa mpikisano wa Donkey Kong ali mnyamata nde moyo wake wonse akungodandaula zomwezo, mnzake wapamtima ndi pulezidenti wa America, amene akusewera gawoli ndi Kevin James, ndipo palibe pomwe umaopa kuti mwina agonja.

Achimwene Joni: Koma pali phunziro iwe, amadzazindikira kuti amene anamugonjetsa uja anabera, anali ndi makodi pa magalasi. Munthu zaka zonsezo akudziona wolephera chonsecho sanalephere. Ine zinandikhudza zimenezo, kuno ku Joni tilipo ambiri amene timadziona choncho

Asisi Leeds: Pamenepo ndakumvani achimwene ndipo sindikutsutsa. Akanaima pa nkhani imeneyo bwenzi ili filimu ina. Koma amangoidutsa mwachangu kuthamangira nthabwala ina

Chitsiriza Kumudzi: Akuluakulu mukukambirana zakuya koma ine ndili ndi agogo pano ndawafotokozera. Akuti iwo chizungu samva nde musawaikire zolankhulalankhula, akufuna zoti maso okha azitsatira. Komanso mvula yayamba kuno, pabwalo sipodalirika, ndaganiza timange nsalu pakhonde lalikulu lija ana akhale pa mphasa akuluakulu pa mabenchi a kutchalitchi.

Alamu Zomba: Nde bwanji Mario yeniyeniyo? The Super Mario Bros. Movie ya 2023. Ndi katuni, ndi PG yoti ana akhoza kuonera ndi makolo, ola ndi theka basi ana sagona pakati. Ana anga anaonera kwa anzawo ndipo mpaka lero amayimba nyimbo ya Bowser ija

Msuweni Mzuni: Imeneyo inapanga madola opitirira biliyoni imodzi. Kunena zoona nkhani yake nayonso ndi yopyapyala, Ralph amaiposa patali. Koma ili ndi chimodzi chomwe Pixels ilibe, ndi ya pachibale, Mario akusakasaka m'bale wake Luigi amene wagwidwa, ndipo akamathamanga kudumpha mapaipi ndi kugunda mabokosi aja umamva ngati padi ili m'manja mwako. Nyimbo za gemu ya 1985 zija zilimo. Agogo atsatira bwinobwino, wabwino akuoneka woipa akuoneka.

Asisi Leeds: Kanyimbo koyambira kaja kakangolira ine ndilira ndili pa video call, mundiimbire ndithu nthawi imeneyo

Achimwene Joni: Chabwino ndagonja, ana aonere Mario. Koma Pixels ndibwera nayo pa flashi yanga, ana ndi agogo akakagona amene akufuna atsale tione Pac-Man yekhayo, msuweni udzandionetse pamene ukuti mpoipa ine ndidzakuonetse pamene ndinaseka

Msuweni Mzuni: Ndatsala nawo achimwene, bola jenereta ikhale ndi mafuta

Achimwene Joni: Komanso zimene wanena asisi zandipatsa ganizo. Ma TV gemu aja akugulitsidwabe kuno m'mashopu a ma China, ang'onoang'ono magemu ali mkati kale, mapadi awiri. Ndigula imodzi Loweruka. Filimu ikatha tilumikize ku projekita ana asewere okha Mario pa nsalu yaikulu, azilandirana ukafa upatsa mnzako ngati mmene tinkachitira. Ndikufuna ndione mwana wanga akugwa m'dzenje loyamba lija

Amalume Lilongwe: Limeneli nde ganizo. Ufunse ngati ilipo ya mfuti

Msuweni Mzuni: Amalume mfuti ija imagwira pa ma TV akale a chitumbo okha, pa projekita kapena ma flat siigwira. Pokhapokha ngati TV ya agogo ija ikadali moyo

Chitsiriza Kumudzi: Ilipo kuchipinda chosungira chimanga, ndiipukuta mawa ndiiyese. Koma achimwene muonetsetse zingwe, projekita ya kusukulu ndinaiona ili ndi HDMI, sindinaone pobayira zingwe zachikasu ndi zoyera zija. Ndikajambula kumbuyo kwake ndikutumizireni musanagule

Azakhali Blantyre: Ine nsalu yoyera ndibweretsa bedishiti yaikulu, koma ibwerere yoyera chonde. Chimanga chokazinga ndi thobwa za ana ndi zanga

Amalume Lilongwe: Tamanga choncho. Mario msuweni wanu aike pa flashi ndipo ayese kaye pa laputopu kuti mawu akumveka. Mafuta a jenereta banja lililonse K10,000, mutumize kwa azakhali anu pa Airtel Money kapena Mpamba lisanafike Lachisanu, a kunja mudziwa mmene mumachitira. Sipika ndibwera nayo ine.

Alamu Zomba: Tiyambe 6 koloko kukangoda, ang'onoang'ono akhale atasamba ndi kudya kale

Chitsiriza Kumudzi: Agogo akufunsa kuti wotanthauzira ndani, akuti ku video show kumsika kumakhala mnyamata wonena m'Chichewa. Ndawauza kuti ndine, nde msuweni unditumizire filimuyo msanga ndiyambe kuonera ndidziwe mayina. Akutinso mpando wawo uikidwe kutsogolo pafupi ndi nsalu, ndipo ya abakha ikayaka ayamba ndi iwowo.