Zotsatira za chiuno cha mwana wanga uja

Zikomo nonse amene munandiyankha za mwana wanga wamkazi uja, wobadwa motsogoza matako, amene chiuno chake chinkalira pomusintha thewera. Ndinamvera mayi aja amene anati ndisadikire kuti ayambe kuyenda. Tinachoka ku Ulongwe kupita ku Tete, ndipo anamuunika ndi ultrasound ali ndi milungu 6. Adokotala anapeza kuti mutu wa fupa la ntchafu yakumanzere sukhazikika bwino m'malo mwake, choncho anamuveka malamba a Pavlik, ogwira miyendo ya khanda kuti ikhale yopinda ndi yotang'adza. Titabwerera kukaunikitsanso, anati mfundoyo ikukhazikika.

Amene muli ndi nkhawa yomweyi, fulumirani. Miyezi yoyambirira mafupa a khanda amakhala ofewa, X-ray siionetsa bwino, ultrasound ndiye imaona. Kuunikako sikupweteka, wanga ankangoyamwa chala. Adokotala anatinso kubereka mwana kumbuyo atatang'adza miyendo n'kwabwino, koma tisamukulunge mothina miyendo itawongoka.