Kodi madzi a mchere a m'mijigo ya kuno ku Chikwawa angaswe mazira a Artemia?

Moni alimi anzanga a nsomba. Ndimaweta milamba kufupi ndi Nchalo, ndipo ndayamba kuswetsa ndekha mazira ake. Vuto lili pa tiana. Tikangomaliza kathumba ka chakudya kamene timabadwa nako, tambiri timafa, poti kukamwa kwake n'kochepa, sitingameze gaga.

Pofuna kupezera tianato chakudya, ndagula kachitini ka mazira ouma a Artemia, tizilombo tating'onoting'ono ta m'nyanja za mchere ngati Great Salt Lake ku America. Mazirawo amaoneka ngati fumbi lofiirira. Amaswa pakatha maola pafupifupi 24 m'madzi ofunda okhala ndi mchere wa magalamu 25 mpaka 30 pa lita imodzi, bola muzilowa mpweya nthawi zonse.

Tsono mijigo ina kuno imatulutsa madzi a mchere oti munthu sangamwe. Alipo amene anayesapo kuswetsera Artemia m'madzi amenewa? Mcherewo mumauyeza bwanji popanda makina? Nanga magetsi akathima, mpweya mumaulowetsa motani m'botolo? Kutentha kwa kuno mu Okutobala kumandidetsa nkhawa kwambiri, madzi amafunda ngakhale pamthunzi.

Ku Kenya, cha ku Malindi, amaweta Artemia m'madamu opangira mchere. Ndikulakalaka kuyesa kadamu kakang'ono, koma kachilomboka si ka kuno. Madzi akasefukira n'kukakokolera ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kodi kangasokoneze zamoyo za kumeneko, kapena kamangofa m'madzi opanda mchere?

Chonde ndithandizeni, makamaka inu amene mumaswetsa milamba ku Nsanje ndi ku Bangula.