Zowayeza agogo kayendedwe Loweruka

Malume aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ndinali kumudzi ku Dedza Lamulungu, amayi akukakamira zoti chaka chino alima okha dimba lakudambo lija. Koma ine ndawaona pochokera kutchalitchi, pa chitunda cha pamjigo paja anaima kawiri ali wefuwefu, dzanja atatsamiritsa pamtengo wa mango. Tiwaletse kapena titani?

Amayi aang'ono a ku Joni: Aletsedwe basi achimwene, ya aganyu nditumiza ine

Mdzukulu namwino: Amayi aang'ono pepani ndilowererepo. Kuwakhazika pakhonde tsiku lonse nkumene kungawafoole msanga, miyendo imatha mphamvu ndipo mtimanso umazolowera ulesi. Bwanji tiyambe tawayeza kaye m'malo momangoganizira, kuchipatala timayendetsa munthu kwa mphindi 6 nkuona wayenda mamita angati, zimatiuza mmene mtima ndi mapapo zikupirira ntchito.

Malume aakulu: Zimenezo zingatheke kumudzi opanda makina?

Mdzukulu namwino: Eya malume. Pafunika malo osalala a mamita 30, mpando, ndi wotchi ya pafoni. Agogo aziyenda kupita ndi kubwerera mwachangu mmene angathere koma osathamanga, akatopa atha kuima kapena kutsamira khoma koma wotchi isaimitsidwe ayi. Ndipo owayeza asamayende pambali pawo chifukwa agogo azingotsatira liwiro lake, aime poyambira paja aziwauza mphindi zatsala.

Mdzukulu wa kumudzi: Achemwali ground ya mpira ili ndi maenje ambiri komanso mabampu, bola khonde la kusukulu, ndi la simenti ndipo Loweruka kulibe ana. Tepi ndibwereka kwa amisiri akumanga nyumba ya malume aja

Mdzukulu namwino: Bho. Uike njerwa mbali zonse ziwiri. Akapita nkubwerera ndi mamita 60, ndiye uziponya njere ya chimanga m'kapu ulendo uliwonse kuti usasokoneze, kenako uyeze kotsalako. Akuluakulu athanzi ambiri amadutsa mamita 400, akalephera kufika 300 ndiye tisachedwe, tipite nawo kwa dokotala awaone mtima.

Amayi aang'ono a ku Joni: Ine mantha, nanga akagwa? Amayi BP imawavuta mukudziwa

Mdzukulu namwino: Nchifukwa chake Lachisanu ayambe kaye ku health centre akayezetse. BP ikapitirira 180 pamwamba kapena 100 pansi sitiyeza, kapena mtima ukamagunda kupitirira 120 pa mphindi ali chikhalire. Mankhwala amwe ngati masiku onse. Poyenda paja akangoti pachifuwa pakuwawa, chizungulire, kapena thukuta lachilendo, muwakhazike pansi nthawi yomweyo mundiimbire, osawalimbikitsa kuti amalize.

Mlamu: Muwayeze mmawa dzuwa lisanawawe, atamwako phala. Ine ndibwera ndi njinga ndiwatenge kunyumba asafike kusukuluko atatopa kale

Malume aakulu: Mwaganiza bwino alamu. Ndiye akayenda bwino dimba tiwalole?

Mdzukulu namwino: Khonde ndi lathyathyathya malume pamene kudambo pobwera nkokwera, ndiye ngakhale atakhoza ine ndinganene kuti azipita kukabzala ndi kuthyola ndiwo koma makheni a madzi ndi kutipula zikhale za aganyu. Aziyendanso pang'ono tsiku lililonse, tidzawayezenso pakatha miyezi itatu pakhonde lomwelo tione ngati mamita akwera kapena atsika.

Amayi aang'ono a ku Joni: Chabwino ndamva mwanawe. Ndituma ya aganyu ndi ya transport ya Lachisanu mawa

Mdzukulu wa kumudzi: Ndawauza agogo, avomera, akuti avala nsapato zakutchalitchi zija

Mdzukulu namwino: Ayi zija zimawathina komanso zimaterera pasimenti, avale zansalu zomwe amapita nazo kuchigayo. Ndodo yawonso atenge.